Osakoka, Osakankha

Ana inu, ndiyambe ndi kudziulula ndekha, musanamve kwa ena amene angawonjezere mchere. Ine agogo anu, amene mumabwera kudzandifunsa nzeru njinga zanu zamoto zikayamba kutsokomola, ndinkakhulupirira kuti galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi ili ndi mainjini awiri. Ndinkati imodzi ndi iyi aliyense amaiona akatsegula boneti, ina azungu anaibisa pansi kuti ife tisaidziwe. Nanga mawilo akutsogolo angakoke bwanji popanda injini yawoyawo? M'kati mwake munalinso ndodo ziwiri za magiya, yaitali ndi yaifupi, ndiye ine ndinati basi, ndodo ziwiri, mainjini awiri. Ndinatha sabata yathunthu ndikukwawa pansi pa galimoto ku esiteti ya fodya kumene ndinkagwira ntchito, cha ku Malingunde, kusaka injini yachiwiriyo. Makaniko wamkulu atandifunsa chimene ndinataya pansipo, ndinamuuza. Anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anandipatsa bobojani, sipanala ija yosinthasintha kamwa, n'kunena kuti, "Poti pansipo wapakonda, uzikhala pomwepo." Umakaniko wanga unayamba chomwecho. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, choncho mukapeza chilembo chopunduka m'kope muno, muchidumphe ngati chithaphwi.

Injini ndi imodzi, musakabwereze uchitsiru wangawo kwa anthu. Ndodo yaifupi ija ndiyo imagawa mphamvu, ina kumbuyo, ina kutsogolo. Mukaikoka, galimoto imasiya liwiro n'kuyamba kuyenda ngati ng'ombe ya pagoli, pang'onopang'ono koma yosabwerera m'mbuyo. Zimenezi ndinazidziwa ndili chagada, oyilo akundidonthera m'maso.

Nthawi imeneyo n'kuti dziko litangolandira kumene ufulu, ine nditangokwatira agogo anu aakazi, Nabanda, kumudzi kwawo kufupi ndi Nathenje. Iwe Madalo, mkazi wanga wamng'ono, usakwinye nkhope. Ukanabadwa msanga bwenzi ndili ndi iwe, unachedwa wekha. Inu lero mumafunsirana pa foni, mawa mwachita lendi m'tauni, amalume amangomva kuti mwana wabadwa. Ife tinkapita ku chikamwini. Mwamuna unkasiya kwanu n'kukamanga kwa mkazi, kulima munda umene akuloza, kubzala mango amene sudzawatcha ako. Sindikunena kuti ankandizunza, ayi. Apongozi anga anali anthu abwino, nkhuku ikaphedwa ntchafu inali yanga. Koma mkamwini amayetsemula mosamala.

Mtima wanga unali kuno ku Mitundu, kumene mayi anga anatsala okha. Bambo anali atamwalira kale, ndipo mlongo wanga mmodzi yekhayo, amene akanakhala nawo pamudzi, anapita ku Halale ndi mwamuna wake n'kutchona. Ndinkapalasa njinga kamodzi pamwezi kudzawaona. Potsazikana ankandiperekeza mpaka pa chulu cha kumapeto kwa munda, n'kunena mawu amodzimodzi: "Yotamu, denga likudontha pamene ndimagona." Ndinkalifolera bwinobwino, koma mwezi wotsatira mawu anali omwewo. Ndinachedwa kumva kuti sankanena za denga.

Njira inali imodzi yokha, kupempha chitengwa, kuti eni mbumba andilole kutenga mkazi ndi ana kubwera nawo kwathu. Mwini mbumba anali amalume awo a Nabanda, a Lufeyo, munthu wamfupi, wa fodya wa m'mphuno, wosatha kunena mawu atatu osaseka. Munthu wokalipa ndi wosavuta, umadziwa pamene waima. Munthu woseka amakukana iwe ukusekera naye limodzi.

Tsono galimoto inalowa bwanji m'nkhani ya ukwati? Esiteti ija itasintha eni, kuseri kwa zigafa kunatsala galimoto yakale yobiriwira, yangodyangodya ngati bokosi la tiyi, imene inafa ine ndisanalembedwe ntchito. Kapitawo anati ikungosunga njoka. "Ngati ukuifuna ichotse, tilimepo." Ndinabwereka ng'ombe zinayi. Tinayenda masiku awiri, ine ndili pa chiwongolero ngati bwanamkubwa, ng'ombe zikundiponyera ndowe pa boneti. Tinalowa m'mudzi mwa akazi anga ana akuimba, agalu akuuwa, n'kuisiya pansi pa mkuyu kuseri kwa nyumba yathu. Sabata isanathe nkhuku za apongozi zinali zitayamba kuikira pa mpando wa dalaivala.

Chaka chomwecho titakolola, ndinatuma ankhoswe atanyamula tambala. A Lufeyo sanawayankhe ankhoswewo. Anabwera okha pa mkuyu paja masana, anthu atakhala pamthunzi, n'kuizungulira galimoto kawiri, akuigogoda ndi ndodo ngati akufuna kugula ng'ombe.

"Akamwini, pempho lanu ndalimva. Tambala uja anali wonona, zikomo."

"Zikomo, amalume."

"Koma mwana wa mlongo wanga sangapite ku Mitundu wapansi ngati mbuzi ya kumsika. Si inu muli ndi galimoto?"

Anthu anaseka. Nkhuku ina inasuzumira pa windo ngati nayonso ikufuna kumva.

"Tsiku limene chitsulo ichi chidzachoke pa mkuyu pano n'kukaima pakhomo pa mayi anu, ine ndikuona ndi maso angawa, osakoka ndi ng'ombe, osakankha ndi manja, mudzamutenge Nabanda. Mudzatenge ndi ana, ndi mtondo womwe."

"Mwanena pamaso pa anthu, amalume."

"Ndi pamaso pa nkhuku," iwo anatero, akufwenthera fodya.

Nabanda anali pakhonde akutong'ola chimanga. Sanadzutse mutu. Ine ndinayesa ndi ulemu wa pamaso pa amalume, ndipo sindinaganizenso za izo. Nzeru zanga zonse zinali zitalowa kale mu boneti.

Panapita madzinja atatu.

Inu kanyali kofiira kakayaka pa galimoto mumathamangira kwa wa kompyuta kuti akuuzeni pamene pakupweteka. Ine zida zanga zonse zinkakwana m'thumba limodzi la feteleza: bobojani ija, masipanala asanu, awiri mwa iwo opindika, hamala, tchizulo, ndi pulayala imene inkaluma mwini wake kuposa waya. Jeke ndinalibe. Jeke wanga anali mtengo wa bulugamu, mwala, ndi alamu anga awiri atakhala kunsonga kwa mtengowo, ndipo mmodzi akamva kuti kwinakwake kuli mowa galimoto inkatsika yokha. Injini ndinaitulutsa ndi tcheni cha ngolo chomangirira ku nthambi ya mkuyu. Inalendewera pamenepo chilimwe chonse, amayi opita kuchitsime akudzera kutali, ati ingawagwere.

Mapisitoni anali atagwirana ndi dzimbiri. Ndinkathira palafini, kudikira sabata, kugogoda ndi chipika cha muwanga, kuthiranso. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti chitsulo sachikalipira, amachinyengerera. Magasiketi, timapepala tija totseka pamene zitsulo ziwiri zakumana, ndinkadula pa katoni ya sopo, ndikugogoda m'mphepete ndi kahamala mpaka chithunzi chake chituluke chokha. Tanki ya petulo inali ndi kabowo, ndinamata ndi sopo wokanda ndi malovu. Mapaipi a madzi ndinamanga ndi chubu cha njinga. Ponola mavalavu ndinkafuna mchenga wosalala kwambiri, ndiye ndinasefera ndi mpango wa kutchalitchi wa agogo anu. Nkhani ya mpango umenewo sinathe mpaka ukalamba.

Mvula ikagwa ntchito inkaima, poti mkamwini wogona pansi pa galimoto anzake akupalira amasanduka ndiwo m'kamwa mwa anthu. Ndinkalima, kubandira, kuthyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa. Koma ndikaweruka kumunda ndinkadutsa pa mkuyu, kukweza chisaka chimene ndinafundika injini, kuiona pang'ono ngati mwana wogona.

Zitsulo zosowa ndinkazisaka kwa Che Amidu, amene anali ndi golosale pa Nathenje m'mbali mwa msewu waukulu. Kutsogolo ankagulitsa mchere, singano ndi palafini, kuseri anali ndi mulu wa zitsulo zotola pa magalimoto ogubuduzika. Ukafika Lachisanu masana unkadikira kuti abwere ku mzikiti, uku ukudya zitumbuwa za akazi awo, zotentha, za nthochi yakupsa bwino, osati izi mumagula lero zonunkha mafuta a dzana. Che Amidu sankalonjeza kanthu. "Tengani mukayese, a Phiri. Chikakana, mubwere nacho, chidikire wina." Popita kumeneko khadi la chipani linkayenera kukhala m'thumba, apo ayi anyamata a pachipata cha msika ankakubweza. Langa linada ndi oyilo mpaka dzina silinkaoneka. Ankaliyang'ana, n'kuyang'ana manja anga, n'kuvomera kuti ndi langadi. Tcheyamani wa m'dera lathu naye ankabwera kudzazonda wodwalayo, ati ikachira izikanyamula amayi opita kokavina ku misonkhano. Ndinkamuyankha ndili pansi pomwepo kuti matenda akula, pakusowa chitsulo cha ku Mangalande.

Zaka zimenezo anthu ndinkawadziwa ndi mapazi. Munthu ukagona pansi pa galimoto dziko lonse limathera m'mawondo. Nkhwaila zodula pa tayala anali a Lufeyo. Nsapato zopolisha anali tcheyamani. Dzuwa likafika paliwombo pankabwera mapazi ang'onoang'ono, chala chachikulu chakumanzere chopanda chikhadabo chifukwa cha khasu, n'kuika chikho cha thobwa pafupi ndi tayala. Thobwa la mawere, lotsekemera lokha popanda shuga. Mapaziwo ankaima pang'ono, monga amaimira munthu amene ali ndi mawu, kenako n'kutembenuka. Ine ndinkangoti, "Ikani pomwepo," maso ali pa bauti.

Tsiku lina mapaziwo analankhula.

"Mkazi mnzangayu wadzuka bwanji lero?"

"Akupezako bwino."

"Muzimusamala. Ndi amene azikakuphikirani ku Mitundu."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Ana inu, wina atandipatsa masana amodzi okha a zaka zimenezo, sindingasankhe tsiku limene injini inalira. Ndingasankhe limenelo, ndituluke pansi paja, ndipukute manja, ndikhale nawo pa muzu wa mkuyu timwere limodzi thobwalo. Koma munthu ukakhala ndi mphamvu umayesa masana sadzatha.

Inalira mu Disembala, dzinja lachitatu. Sitata inalibe, tinkaliza ndi handulo, chitsulo chopindika chimene unkalowetsa kutsogolo n'kupukusa. Handulo ndi yamwano, ukaigwira mosasamala imabweza. Dzino ili limasowa apa, limene iwe Fatsani umati linatsala mu nzimbe, linachoka tsiku limenelo. Ndinapukusa, injini inatsokomola, handulo inandipeza pakamwa. Ndinalavula dzino, ndinapukusanso. Kenako inalira. Utsi wakuda unadzaza mkuyu wonse, nkhuku zinabalalika, mbewa ziwiri zinatuluka ku paipi ya utsi zili dzandidzandi. Ine ndinaima pamenepo magazi ali pa malaya, ndikuseka ndi mpata watsopano.

A Lufeyo anabwera akuthamanga pang'ono, chinthu chimene munthu anali asanachionepo. Anawerama n'kusuzumira pansi.

"Akamwini, ikukodza."

Rediyeta inkadontha. Ndinawapempha kabotolo kawo ka fodya, iwo n'kundipatsa poyesa ndikufuna kufwenthera chimwemwe. Ndinakhuthulira yense m'madzi a rediyeta. Fodya wopera akafufuma amatseka timabowo. Posachedwa kudontha kunaleka. Iwo anayang'ana m'kabotolo, anakagwedeza, anayang'ananso.

"Mwana wa mlongo wanga mukumufuna, fodya wanga mwatenga. Chipewachi ndikuvulireni?"

Ndinkafuna kudikira kuti mvula ithe, njira ziume. Koma mu Febuluwale munthu wina wogulitsa nsomba zouma pa njinga anandipatsa uthenga wa kuno: mayi agwa pachitsime, mwendo watupa, munda walowa udzu, akudya kwa anansi. Ndinapita kwa a Lufeyo ndisanasambe n'komwe.

"Amalume, mawa."

"Mvula yonseyi?"

"Mawa."

Anandiyang'ana kanthawi, ndipo kanali koyamba kuwaona osaseka. "Chabwino. Nabanda apite nawo, akaone kumene mukufuna kukamuika. Ana atsale ndi amayi awo aang'ono."

Lero minibasi imakutengani pa Nathenje, kuzungulira ku tauni mpaka pa Mitundu, inu muli ndi timawaya m'makutu osaona ngakhale mtengo umodzi. Ife tinadzera njira yachidule ya ngolo, yolunjika phiri la Bunda. Tinanyamuka m'mawa atatu, tonse kutsogolo, a Lufeyo pakati, Nabanda kuchitseko atachigwira ndi chingwe poti sichinkatsekeka. Kumbuyo kwa mipando ndinakhomako lata chifukwa galasi linasweka kalekale, ndipo kalilole woonera kumbuyo ndinali ndisanamupeze kwa Che Amidu. Ndinkati munthu wopita kwawo alibe choyang'ana kumbuyo.

Mmene inkayendera, ana inu. Chimanga chili mbali zonse, chitamasula ngayaye, fungo la dothi lonyowa likulowa pa windo limodzi ndi la petulo. Ana a m'midzi ankatithamangira. A Lufeyo ankakwezera chipewa aliyense, ndi mbuzi zomwe.

Tinafika pa dambo lalikulu dzuwa litakwera. Madzi anali m'mawondo. Ndinatsika, ndinavula nsapato, ndinawoloka wapansi ndikufufuza polimba ndi zala za kumapazi. Pobwerera ndinakoka ndodo yaifupi ija. Galimoto inasintha mawu, inayamba kubuula pansipansi, n'kulowa m'madzi. Madzi analowera pa zitseko, a Lufeyo anakweza miyendo mpaka mawondo anafika kumakutu. Inkayenda ngati ikuganiza phazi lililonse. Tinawoloka. Koma mawilo akumbuyo akukwera gombe la tsidya, ndinamva thwa, ndipo galimoto inaima injini ikulirabe.

Ndinadziwa ndisanatsike. Chitsulo chimene chimazunguza wilo lakumbuyo, chimodzi cha zija za pa mulu, chinali chitathyoka.

"Ndiitane ng'ombe?" anafunsa a Lufeyo mwaulemu kwambiri.

Ndinatenga thumba la zida n'kugona m'matope. Nzeru yake ndi iyi, muisunge: galimoto yotereyi ikathyoka kumbuyo, umamasula shafiti yopita kumbuyo, kusolola chothyokacho, n'kusiya mawilo akutsogolo kuti akoke okha. Ndinagwira ntchito mpaka dzuwa linapendeka. Manati ndinkawapatsa Nabanda, iwo n'kumawamanga pa nsonga ya chitenje kuti asalowe m'matope. Pobwezera ndinkangotambasula dzanja, ndipo nati imene inkagwera m'manja mwanga inali yoyenerayo, nthawi zonse, ine osatchula. Ndinadabwa pang'ono, koma nthawi yodabwa panalibe.

Tinanyamukanso, galimoto ikudzikoka ndi miyendo yakutsogolo ngati mbuzi yothyoka msana.

"Tinapangana za mawilo anayi, akamwini."

"Tinapangana osakoka, osakankha. Mawilo simunawerenge, amalume."

"Sukulu ya sitandade folo ndi yoopsa," iwo anatero.

Tinadutsa pa msika wa Mitundu anthu akulongedza malonda. Ndinaliza huta, inangoti fwee ngati mwanapiye. Kenako tinakhota kulowa kanjira ka kumudzi kuno. Mukudziwa pamene pali kamlatho ka simenti, pamene mumaimika njinga zanu poyankha foni? Nthawi imeneyo panali chigwembe, ndipo kuchokera pamenepo njira inkakwera chitunda cha katondo mpaka pakhomo. Tinatsikira m'chigwembemo bwinobwino. Pokwera, kulemera konse kunapita kumbuyo, mawilo akutsogolo n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi akumwaza matope.

Nyumba ya mayi ndinkaiona apo, mtunda woti munthu akhoza kuponya mwala kawiri.

Ndinayesa zonse. Ndinaphwetsako matayala. Ndinawapempha Nabanda atsike aike nthambi ndi miyala pansi pa mawilo. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuthamangira chitundacho, katatu, kanayi. Inkakwera pang'ono, n'kuterereka kubwerera pomwe paja. Petulo ndinkayeza ndi kamtengo, ndipo kamtengoko kanangonyowa kunsonga. Amuna a m'mudzi muno, anzanga amene ndinaweta nawo mbuzi, anabwera akupinda malaya.

"Yotamu, wabwera? Khala m'katimo, tikukankhe."

"Musaikhudze."

"Wapenga kodi? Tilipo asanu ndi mmodzi."

"Ndati musaikhudze. Imani kutsogolo kuno ndizikuonani."

Anaima, manja ali m'khwapa, akuyang'anana. Pamenepo ndinaona mayi akutuluka m'nyumba, atatsamira ndodo, mwendo atamanga nsanza. Anayenda mpaka kumapeto kwa bwalo, pamene chitunda chimayambira, ndipo sakanatha kutsika. Anaphimba maso ndi dzanja poti dzuwa linali kumbuyo kwathu.

"Kodi ndiwe Yotamu?"

"Ndine, mayi."

"Nanga waimiranji kumeneko?"

Ndikanatha kutsika, kuyenda wapansi, kuwagwira dzanja, n'kubwerera ku Nathenje mawa lake monga mwa masiku onse. Koma ndinagwirabe chiwongolero. A Lufeyo anali pambali panga. Anatulutsa kabotolo kawo, anakayang'ana, anakabwezera m'thumba osatsegula.

"Akamwini, mpando wanuwu wandithyola msana. Nditsike ndikadziwongole."

Anatsika n'kupita kumbuyo. Patapita kanthawi ndinamva mawu awo kuseri kwa lata.

"Tayesaninso kamodzi. Ine ndangotsamira pano, msanawu umafuna chinthu cholimba."

Ndinalowetsa giya, ndinaponda pang'onopang'ono. Mawilo anazungulira, anazungulira, kenako ndinamva galimoto ikusuntha ngati yakumbukira chinthu. Inakwera dzanja limodzi, inaima, inakweranso. Anzanga aja anayamba kuseka akuloza kumbuyo, wina anagwira pakamwa. Mawilo anagwira pouma. Ndinalowa pabwalo, ndinaima pafupi ndi nkhokwe, injini inatsokomola kawiri n'kuzima yokha, petulo atatha.

Mayi anabwera, anagwira boneti, anachotsa dzanja msanga poti inali yotentha, kenako anandigwira kumaso pamene panali matope. "Dzino lili kuti?" Ndiwo anali malonje awo.

A Lufeyo anafika akupuma mwamphamvu, chipewa chili m'manja. Anatembenukira kwa amuna aja.

"Abale, ine ndine mlendo, maso anga ndi okalamba. Alipo waona ng'ombe pano?"

"Ayi."

"Alipo waona munthu akukankha ndi manja?"

Anayang'anana. Wamkulu mwa iwo anati, "Ndi manja, ayi."

"Basi. Mayi, mwana wanu ndi wamakani, koma mawu ndinanena pamaso pa anthu. Mtondo ubwera pambuyo."

Galimoto imeneyo inakhala nafe zaka zambiri. Inanyamula fodya, odwala, maliro, akwati, ndipo amayi ovina a tcheyamani aja inawanyamulanso, poti kukana kunalibe. Mayi anga anakhala nafe madzinja asanu ndi limodzi, denga osalitchulanso. Lero chatsala ndi boneti yokha, ija mumatsekera khola la nkhumba osadziwa kuti mukugwira chiyani. A Lufeyo anapita, Che Amidu anapita, mkuyu uja anadula n'kuwotchera njerwa. Agogo anu aakazi ali apo kuseri kwa mitengo, m'dothi la ku Mitundu, kutali ndi amayi awo ndi abale awo, ndipo ndikamapita kukalambula pamenepo ndimawauza nkhani zanu zonse, ndi zimene mumayesa sindidziwa.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Titadya, a Lufeyo anapita kukagona kwa anansi. Ife anatiyalira mphasa m'kanyumba kamene ndinkagona ndili wosakwatira. Ine mtima unali m'mwamba, pakamwa posatseka.

"Mwaona, Nabanda? Amalume anu aja ndi munthu. Msinkhu umene uja, kukankha galimoto yonse ndi msana. Ndidzawagulira fodya wa chaka chathunthu."

Iwo anali atakhala chondifulatira, akuthira madzi ofunda pa kansalu. Anatsitsa bulauzi paphewa lakumanja kuti athowe. Phewa lonse linali litasupuka, mzere wa chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto utadindika pamenepo. Ndinatseka pakamwa.

Anafinya kansalu kaja, osatembenuka, n'kunena kuti, "Amalume sangakankhe ngakhale chitseko cha nkhokwe, anangondigwirira mpango. Madzinja atatu, a Phiri, mwafunsa ankhoswe, mwafunsa amalume, mwafunsa chitsulo chilichonse cha pa Nathenje. Ine simunandifunse ngati ndikufuna kubwera kuno. Ndiye poti simufunsa, ndayankha ndi phewa. Tagwirani kansaluka, pamene pakupweteka sindikufikapo."